Maseche a Kumwendo kwa Limbani

Chimene ndinayamba kuona ndi phala. Mwana wanga Limbani anali ndi zaka zitatu ndi miyezi inayi, unali mwezi wa Epulo, patangotha masabata atatu chitulukireni m'chipatala. Ndinamukhazika pamkeka pakhonde, ndamuikira phala lake lothira nsinjiro limene ankalikonda kwambiri, anangodya masupuni awiri basi wanyamuka, wathamangira nkhuku ya aneba, nkhukuyo sanaifike n'komwe waona chitini, watola chitini, wachiponya, wakwera pamulu wa nkhuni, watsika. Ndinamubweza pamkeka kasanu ndi kawiri. Phala linazizira, linadyedwa ndi ntchentche. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Sikuti analibe njala ayi, dzuwa likapendeka ankalira njala, koma kukhala pansi mpaka mbale ithe kunkamukanika ngati pamkekapo pali linthumbu.

Anamwino a kuchipatala chimene timapita ndi amene anandipempha kuti ndilembe izi, kuti amayi anzanga amene ali ndi ana ngati wanga amve. Ndiye ndiyambe ndi matenda amene anatigoneka m'chipatala aja.

Mwezi wa Malichi chaka chomwecho Limbani anadwala malungo aakulu. Thupi linayamba kutentha Lachiwiri. Ine ndinati ndi chimfine cha mvula, ndinamupatsa panado n'kupita kothyola tiyi, chifukwa nthawi ya dzinja tiyi amaphuka kwambiri ndipo kapitawo safuna kumva zojomba. Lachinayi masana mwana anauma, maso anatembenuka, thovu kukamwa. Galimoto ya esiteti inatithamangitsira kuchipatala cha kuboma. Anakhala masiku anayi osatsegula maso, diripi kumkono, kapaipi kodyetsera m'mphuno. Ine ndinkakhala pansi pambali pa bedi kumayang'ana pachifuwa pake ngati pakukwerabe ndi kutsika, amayi anzanga akandiitana kokaphika ndinkakana. Tsiku lachisanu anadzuka n'kupempha nthochi. Potitulutsa adokotala anati, "Mayi, mwana wapulumuka. Koma muzimuyang'anitsitsa, ana ena akadwala chonchi amasintha khalidwe. Mukaona zachilendo mubwere naye." Ine ndinangomva mawu oti wapulumuka. Enawo ndinawakumbuka patatha chaka ndi miyezi.

Nthawi imeneyo tinkakhala kukomboni ya esiteti ya tiyi, nyumba za kampani zondondozana m'mizere, yathu inali yachitatu kuchokera pampope. Bambo ake a Limbani ankagwira kufakitale, koumitsa tiyi, ine m'munda. Kumene kuja ndimakusowa mpaka lero, ngakhale ndinathawako. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kudzagona pa tiyi, fungo la kufakitale lili ponseponse, ife tatuluka ndi madengu kumsana, mapepala apulasitiki m'chiuno kuopa mame, wina akuyimba Chilomwe, wina Chiyao, tonse tikuvomera ngakhale mawu ena osawamva. Madzulo pampope ndi pamene panali nkhani zonse. Mchere ukatha sunkadandaula, khomo lililonse linali kwanu. Ana athu ankatsala ndi mayi a Joyisi, mayi wachikulire wa nyumba yoyandikana nafe, amene anasiya kuthyola chifukwa cha msana. Ankasunga ana asanu ndi mmodzi pansi pa mtengo wa mapeyala. Asanu ankakhala. Wanga ayi.

"Mayi a Limbani, mwana wanuyu munamudyetsa chiyani, mwendo wa gwape?" ankatero ndikamaweruka. "Ine msana unatha kale, mukufuna nditherenso miyendo?"

Tinkaseka, koma ine mtima unali m'mwamba. Kukomboni kunali zinthu ziwiri zoopsa. Kumtunda kunali msewu wa mathirakitala onyamula tiyi, kumunsi kuseri kwa mabulugama kunali damu lothirira, lakuya, madzi ake obiriwira. Kawiri konse kapitawo anadzandiitana m'munda kuti mwana wanga waimitsa thirakitala. Kachiwiriko ndinapeza dalaivala watsika, ali pansi, matayala asiya mizere pamsewu, Limbani ali pambali akusewera ndi kapepala ka switi kamene anathamangira.

Tinamumenya, sindibisa. Bambo ake ndi kamtengo, ine ndi chikhatho. Ankalira, ankati, "Sindidzayambiranso amayi," ndipo ndikudziwa kuti ankanena zochokera mumtima, koma misozi isanaume waiwala, waona china, wapita. Anthu analankhula. Ena anati timamulekerera, ena anati alipo amene anatichita chipongwe, ena anati ana aamuna ndi otero, adzasiya yekha. Tsiku lina ndinamumangirira ndi chitenje kumzati wa khonde kuti ndiphike. Analira mpaka mawu anatha. Ndinamumasula, ndinakhala pansi n'kulira nanenso, ndiwo zinapserera.

Mwezi wa Juni, nthawi ya chiperoni, kunabwera ababa, bambo anga ondibereka, kuchokera kwathu ku Milonde. Ababa anali munthu wovina tchopa, gule wa Alomwe, kuyambira ali mnyamata, ndipo tsikulo ankachokera kovina ku Nkando, thumba la zovinira lili paphewa. Anakhala pakhonde tsiku lonse akudya chinangwa, maso ali pa mdzukulu wawo. Ndinawauza za chitenje zija. Anapukusa mutu, anatsegula thumba, anatulutsa maseche awo amene amamanga m'miyendo povina, anachotsapo anayi ang'onoang'ono n'kuwatunga pachingwe. Anamuitana Limbani, anamumanga kumwendo wamanzere.

"Mwanawe, uyu kumumanga sungamuthe," anatero kwa ine. "Musiye ayende. Iwe uzingomva kumene ali."

Kuyambira tsiku limenelo makutu anga anakhala maso anga. Tseketseke kuseri kwa bafa, tseketseke kwa mayi a Joyisi, tseketseke akulowera kumsewu, ine ndasiya mtondo ndathamanga. Komboni yonse inawadziwa masechewo. Amayi ankaitana kuchokera m'makomo mwawo, "Uyo wadutsa kuno, akukwera kumtunda!" Abambo apabawo akamumva ankati, "Gule wafika, bisani njere," chifukwa ankawatolera njere za bawo n'kuthawa nazo. Anamupatsa dzina loti Tchopa. Iye ankanyadira, ankaponda mwendo dala kuti alire kwambiri. Ndikakumbuka masiku amenewo ndimamva kulira kwa masechewo m'nkhungu ya m'mawa, mwana osaoneka, koma ndikudziwa kuti ali moyo, ali pafupi.

Tinakhala choncho chaka chathunthu. Mwezi wa Juni wotsatira, ali ndi zaka zinayi ndi theka, ndinapita naye kusikelo ya ana kuchipatala chaching'ono cha esiteti. Pamzere anakwawa pansi pa mabenchi, anakoka chitenje cha mayi wina, anagwetsa mbale ya anamwino ya thonje. Ine manyazi, ndakweza dzanja kuti ndimumenye. Anamwino anandigwira mkono. Anatenga kabuku kake kachipatala, anatsegula masamba akale, anaima pamene panalembedwa za malungo aakulu paja. Anandifunsa kuti wakhala chonchi kuyambira liti, amagona bwanji, amamaliza chakudya kapena ayi. Kenako analemba kalata yoti ndipite naye kuboma Lachitatu, kuchitseko chimene amaonako matenda a khunyu ndi a maganizo.

Ndinaopa. Chitseko chimenecho aliyense amachidziwa, anthu amati ndi cha amisala. Bambo ake atamva anati, "Mwana wanga si wamisala, ndi wosamvera basi." Ndinawayankha kuti ngati ndi choncho adokotala akanena okha. Sanandiletse, koma sanapite.

Tinanyamuka kukungocha, kabaza mpaka kumsewu waukulu, kenako minibasi. Tinafika isanakwane seveni koloko koma tinapeza mabenchi adzadza kale. Anatenga mabuku athu n'kuwaunjika patebulo, ankaitana mmodzimmodzi. Panali agogo ena onjenjemera mutu, panali mtsikana wa zipsera zamoto m'manja amene mayi ake anati amagwa khunyu, panali abambo okhala chete oyang'ana pansi. Ine ndagwira malaya a Limbani kumbuyo, iye akukoka ngati mbuzi yopita kumsika. Mandasi amene ndinagula anatha naini koloko. Tinaitanidwa itadutsa wani koloko.

Tsono onani zimene anachita. Titangolowa m'chipinda, mwana amene anavutitsa anthu m'mawa wonse anaima chilili, maso pa kathochi ka adokotala, osagwedezeka. Ine ndikufotokoza kuti sakhala pansi, iye ali phee. Ndinati adokotala andiyesa wabodza. Iwo anaseka pang'ono, anati, "Musadandaule mayi, chinthu chatsopano chimawagwira kanthawi. Tidikire." Sipanathe nthawi, Limbani watsegula kabati, wakwera pasikelo, wazimitsa magetsi, wayatsa.

Anali adokotala aamuna, achinyamata, olankhula mosathamanga. Anamuyang'ana m'makutu ndi m'maso, anamunong'oneza mawu kumbuyo kuti aone ngati akumva. Anandifunsa ngati amakomoka, kapena kungoti duu maso ali gwa kwa kanthawi osayankha. Anafunsa ngati amagona bwino, ngati panyumba timamenyana, ngati pali chimene chinamuopsa. Anatitumiza kokayezetsa magazi. Zonse zinali bwino. Ndinkayembekezera kuti atchula matenda n'kundipatsa mapiritsi, koma anati:

"Lero sindinena kanthu. Mwana wa zaka zinayi aliyense amathamanga, ndipo ndikafulumira ndingamupatse dzina la matenda amene alibe. Mukagule kope. Tsiku lililonse muzilemba zimene wachita, zoipa ndi zabwino zomwe, kwa miyezi isanu ndi umodzi. Akayamba sukulu ya mkombaphala tidzafunanso kumva kwa aphunzitsi, chifukwa vuto limene ndikuganizira limaoneka ponseponse, osati panyumba pokha."

Kenako analoza kumwendo. "Nanga izi n'zachiyani?" Ndinachita mantha kuti andikalipira kuti ndi zithumwa. Nditafotokoza anati, "Amene anaganiza zimenezi ndi munthu wanzeru. Musawachotse."

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, cholembera ndinali nditachiiwala, koma kope ndinagula ndipo ndinkalemba ndikaweruka. Lija ndili nalobe. Pena palembedwa kuti, "Lolemba. Ndamutuma mchere kwa mayi a Joyisi, wabwera ndi mwala." Pena, "Lachinayi. Wadumpha pakhonde la fakitale, bondo lachekeka, sanalire." Penanso, "Loweruka. Wakhala pansi kuonerera bambo ake akukonza njinga mpaka kumaliza. Anawapatsira sipanala." Tsiku limenelo ndinalemba ndi zilembo zazikulu.

Tsopano ndifike pa tsiku limene ndimavutika kulinena. Unali mwezi wa Novembala, Loweruka masana, kukutentha. Ndinali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Amayi a kumpingo kwathu anagwirizana kuti abwere kudzapempherera Limbani. Anali amayi abwino, ndinene zoona, ndi omwe aja ankandibweretsera chakudya kuchipatala nthawi ya malungo. Anabwera asanu ndi atatu. Atakhala pansi, amayi atcheya a gululo anayang'ana kumwendo kwa mwana n'kunena mwaulemu kuti, "Mayi a Limbani, ife tabwera ndi pemphero, koma izi ndi za gule wa mizimu. Mwina n'zimene zikumuyendetsa mwanayu. Tingapemphere bwanji zili pomwepo?"

Mawu a adokotala ndinawakumbuka. A ababa ndinawakumbukanso. Koma amayi asanu ndi atatu akundiyang'ana, onse aakulu kwa ine, m'nyumba mwanga, abwera kudzandithandiza. Ndinatenga lezala, ndinadula chingwe, maseche ndinaika m'chitini pawindo.

Tinamukhazika pakati, tinayimba. Nyimbo amazikonda, ankaomba m'manja nafe. Kenako tinagwada, aliyense akupemphera mokweza pakepake monga timachitira, chitseko chili chotsegula chifukwa cha kutentha. Ine masiku onse ndinkapemphera diso limodzi lili pa mwana. Tsiku limenelo ndinatsinzina onse awiri. Ndinali wotopa, inu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka ndi theka sindinkamva tseketseke, ndinamva ngati mtendere wabwera m'nyumba. Titati ameni ndinatsegula maso. Pamkeka panalibe munthu.

Ndinatuluka ndikukuwa. Mayi a Joyisi anali pakhonde pawo akusankha nyemba, anati, "Ayi, Tchopa sanadutse kuno, ndikanamumva." Abambo apabawo anati sanamumve. Aliyense ankati sanamumve, palibe amene anati sanamuone, chifukwa komboni yonse inazolowera kumulonda ndi makutu. Ndinaima pampope, kumtunda msewu, kumunsi damu, osadziwa kolowera. Ndiye ndinaona patapata wake mmodzi pakanjira ka kumabulugama. Ndinathamanga ndi mimba yanga ija, chitenje chinagwa sindinachitole, minga sindinaimve, ndikungoitana dzina lake.

Padamu pali kanyumba ka pampu, ndipo mlonda wake anali a Jowaki, bambo wachikulire wochokera kutsidya kwa malire. Ndinawapeza ali m'madzi ofika m'chifuwa, akutuluka, anyamula Limbani ndi malaya ngati kamwana ka galu. Anamugoneka chammbali pakapinga. Anasanza madzi obiriwira, anatsokomola, analira. Kulira kumeneko sindidzakuiwala. Atapeza mpweya anati, "Amayi, tombolombo wathawa." Anakwera paipi yolowa m'damu kutsatira tombolombo.

A Jowaki anakhala pansi akupuma mwabefu, madzi akuchucha m'ndevu. Anandiyang'ana, anayang'ana mwendo wa mwana.

"Mama, gule wake mwamuvula chifukwa chiyani? Uyutu amabwera kuno sabata iliyonse, pena kawiri. Ndimamumva akadali kumabulugama, ndimakamuchingamira, ndimamupatsa nzimbe n'kumubweza. Lero wafika ngati mphaka. Ine ndinali kuseri, ndangomva phuvu! Ndikanakhala kuti ndapita kukatsegula madzi kumtunda, bwenzi pano tikunena zina."

Sindinkadziwa. M'kope langa lonse lija munalibe ngakhale tsiku limodzi lolembedwa kuti wapita kudamu. Ine ndinkati ndimamuyang'anira, osadziwa kuti miyezi yonseyo mwana wanga amasungidwa ndi maseche anayi ndi makutu a bambo wokalamba amene sindinkamupatsa ngakhale moni wabwino.

Tinagona kuchipatala masiku awiri chifukwa cha chifuwa, ankamuyeza kutentha m'mawa ndi madzulo, anamupatsa mankhwala akumwa. Titabwerera kunyumba anabwera amayi atcheya okha. Anakhala pansi pamkeka. Kenako anati, "Tinatsinzina tonse, osasiyako ndi mmodzi yemwe. Tandipatsani chitini chija." Anatulutsa ulusi wolimba wosokera matumba umene anabwera nawo, anatunga masechewo ndi manja awo, anagwada n'kumumanga Limbani kumwendo. Anamanga mfundo zitatu.

Mwezi wa Januwale ndinabereka mwana wamkazi, Tadala, ndiye kuchipatala kwa Limbani tinachedwa kubwerera. Iye anayamba sukulu ya mkombaphala ya pa esiteti ali ndi zaka zisanu. Mwezi wa Epulo tinapita, adokotala anandipatsa pepala la mafunso loti aphunzitsi ake ayankhe. Amadamu analemba kuti sakhala pamalo, amayankha funso lisanathe, amadumpha mzere wa phala, ntchito samaliza, chilichonse chimene wapatsidwa amataya. Pansi anaonjezera kuti nyimbo zonse amazidziwa kuposa anzake, ndipo mwana akagwa ndi iye amayamba kukamudzutsa.

Mwezi wa Juni tinaitanidwa tsiku limene kumabwera adokotala aakulu ochokera ku Blantyre, amayi. Ulendo uno bambo ake anapempha tchuthi n'kupita nafe, za kudamu zija zinawasintha. Tinadikiranso mpaka masana. Adokotala awiriwo anawerenga makope anga, anali atakwana awiri, tsamba ndi tsamba, anawerenga pepala la amadamu, anasewera ndi Limbani pansi, anamupatsa timatabwa kuti asanje. Kenako adokotala aakulu aja analemba zilembo zinayi m'kabuku kake, ADHD, n'kutifotokozera m'Chichewa.

"Mwana wanu ali ndi vuto lolephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, ndiponso lolephera kudziletsa. Nzeru ali nazo. Bambo, mumakwera njinga? Ali ngati njinga yabwino yothamanga, koma mabuleki ake ndi ofooka. Si misala, si ufiti, si kulekerera kwanu. Mwina malungo aja anathandizira, mwina anabadwa nalo, sitingathe kunena motsimikiza. Silitha ngati chimfine, koma ana ambiri amakula bwino akathandizidwa. Mankhwala alipo, ngakhale sapezeka kawirikawiri, koma kwa mwana wamng'ono chonchi timayamba ndi kuphunzitsa inu makolo ndi aphunzitsi."

Bambo ake anafunsa funso limodzi lokha. "Ndiye kuti ndinkangomumenyera chabe?"

"Munkamenya chifukwa simunkadziwa," anatero adokotala. "Lero mwadziwa."

Tinakwera minibasi, tinatsika pamsewu waukulu. Bambo ake anamunyamula Limbani pakhosi kuchokera pamsewu kukafika kukomboni, mtunda wonse uja, maseche akulira pachifuwa pawo.

Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndinkapita kamodzi pamwezi kukaphunzira kwa anamwino. Tinalipo amayi anayi. Tsiku loyamba anandiuza kuti ndisonyeze mmene ndimamutumira mwana, ndiye ndinati, "Limbani, kasambe m'manja, utenge mbale, uitane bambo ako, utseke chitseko." Anamwino anandifunsa ntchito yanga. Nditawauza anati, "Pothyola tiyi mumathyola nthambi yonse?" Ndinati ayi, masamba awiri ndi kansonga, ukathyola zambiri kusikelo amakubweza. Anati, "Nayenso muzimupatsa zochepa choncho. Mufike pafupi, mumugwire paphewa, akuyang'aneni m'maso, munene chinthu chimodzi. Akachita mumuyamikire pomwepo, osadikira madzulo." Anatiphunzitsanso kuti kudzuka, kudya ndi kugona zizikhala nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse, kuti azithamanga kaye asanakhale pansi, ndi kuti akalakwa azikhala pambali kanthawi kochepa m'malo mwa kamtengo. Phala ndinayamba kumuikira pang'ono, akamaliza n'kuonjezera. Sizinayende tsiku limodzi. Masiku ena ndinkaiwala zonse n'kukuwa ngati kale, kenako n'kuyambiranso.

Koma damu linali pomwepo. Tinapempha nyumba ya kutali ndi madzi, inalibe. A Jowaki anandiuza kuti chaka chikubwerachi akupuma ntchito, abwerera kwawo. Ndinayang'ana Limbani, ndinayang'ana Tadala amene anali atayamba kukwawa, ndinawauza bambo ake kuti ine ndikupita kwathu ku Milonde ndi ana. Ndinasiya dengu langa, ndinasiya mpope uja ndi anzanga onse. Tsiku losamuka mayi a Joyisi analira, anati, "Nanga tsopano ndizikalipira ndani?" Abambo apabawo anamupatsa Limbani njere ziwiri kuti akasunge. Bambo ake anatsala pantchito, amabwera Loweruka panjinga n'kubwerera Lolemba m'mamawa.

Lero Limbani ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ali Sitandade 2, Sitandade 1 anabwereza. Amakhala kutsogolo, ndinakawaonetsa aphunzitsi kabuku kake, ndiye akaona kuti wayamba kutekeseka amamutuma kukafufuta bolodi. Kuwerenga wayamba. Mapensulo amatayabe, ndimadula pensulo imodzi patatu. Pamsewu amaima, ngakhale ndimaonetsetsa kuti asawoloke yekha. Kuchipatala timapita miyezi itatu iliyonse, za mankhwala adokotala anati tidzaonanso akamakula. Sanachire, ndisakunamizeni, koma ali moyo, amaseka, ndipo kamtengo m'nyumba mwathu mulibe. Phala amamaliza, kawirikawiri ali chiimire. Maseche anapempha yekha kuti ndimuvule atayamba Sitandade 1, anati anzake amamuseka. Ababa anali atamwalira miyezi iwiri m'mbuyo mwake. Ndinamasula mfundo za amayi atcheya zija ndi mano, sindinafune kudulanso ndi lezala.

Amayi anzanga, mwana akatentha thupi musadikire Lachinayi ngati ine, pitani tsiku lomwelo. Ndipo ngati muli ndi mwana amene sakhazikika kulikonse, kunyumba, kutchalitchi, kusukulu, miyezi ikupita, mwamenya mwatopa, musaope chitseko chija. Nyamulani kabuku kake, nenani zonse osabisa. Mwina adzakuuzani kuti ndi ubwana chabe, mwina adzapeza vuto la makutu kapena khunyu, mwina ndi ngati la wangayu. Musamutchule matenda nokha, ndipo akati dikirani muzilemba, lembani.

Ine kuno ndinachita zimene ndikanatha. Chitsime cha pakhomo ndinachivundikira ndi chitseko chakale n'kuikapo loko, kiyi amakhala m'khosi mwanga. Ndinamanga mpanda wa nsungwi kuzungulira bwalo. Ana onse amagona m'neti, chilimwe ndi dzinja lomwe. Ndinayenda khomo ndi khomo mpaka kumtsinje, kwa amayi ochapa ndi abambo oumba njerwa, kuwauza dzina la mwana wanga ndi vuto lake, chifukwa ndinaphunzira kwa a Jowaki kuti amene angakupulumutsire mwana mwina ndi munthu amene sumupatsa moni. Maseche a ababa tsopano ali kumwendo kwa Tadala. Iye ndi mwana wofatsa, sapita patali, anthu amandiseka kuti nanga uyunso walakwa chiyani. Ndimangowasiya aseke. Ndikamapalira nandolo kuseri ndimamva tseketseke pabwalo, khasu limayenda bwino.

Amayi a kumpingo wa kuno akabwera kudzapemphera ndimawalandira, ndimayala mkeka, ndimagwada nawo. Koma ine ndimagwada pakhomo, ndipo onse akatsinzina, maso anga amakhala otsegula mpaka ameni.